Sukulu ya zankhalango ndi moto wolusa: Chongoni, Mzuni, Bunda, ku Joni kapena pa foni?

Mwana wa achemwali anga wakhoza MSCE ndiye anandiimbira kuti amalume ine ndikufuna zankhalango, makamaka zamoto, ndilowere kuti? Mnyamatayu wakulira m'tsinde mwa phiri, chaka ndi chaka Seputembala akafika amaona phiri lonse likuyaka usiku, m'mawa kwatsala lupsa lokhalokha, kenako mvula yoyamba ija ikabwera dothi lonse limatsikira kumunda kwa mayi ake, ndiye zinamulowa mumtima. Pa foni ndinamuyankha mwachidule chifukwa mayunitsi, koma nkhaniyi ndi yayitali ndipo si iye yekha amene akufunsa, ndiye ndati ndilembe pano mmene ndikuzionera ine amene ndagwirako ntchito m'nkhalango za paini nyengo za moto zingapo.

Choyamba mudziwiretu kuti kwathu kuno moto umaphunzitsidwa mkati mwa kozi ya zankhalango, limodzi ndi za tizilombo ndi matenda a mitengo, pa gawo loteteza nkhalango. Ndiye amene ukufuna zamoto ulowera khomo la forestry kaye, uphunzira za nazale, kudzala, kupatulira, kuyeza mitengo, malamulo, kenako zamotozo uzikulitsa wekha. Ndipo pepala ndi kudziwa moto ndi zinthu ziwiri zosiyana, pali njira zopatsa pepala lalikulu koma moto weniweni osauona, pali zina zokulowetsa mu utsi tsiku lililonse koma osakupatsa kanthu koonetsa pa intavyu.

Ndiyambe ndi ku Chongoni ku Dedza, ku Malawi College of Forestry and Wildlife, chifukwa ndi kumene ine ndimakukonda ndipo sindibisa. Iyi ndi sukulu ya boma yopereka satifiketi ndi dipuloma, ndipo alangizi ambiri a zankhalango amene mumawaona m'maboma adadutsa kumeneko. Ili m'nkhalango momwe, dera lomwe lija la zojambula zakale za pamiyala zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006. Ubwino wake ndi woti sumaphunzira mtengo pa bolodi, umatuluka m'kalasi nkuupeza uli panja pomwepo, umathira dothi m'machubu ndi manja ako, umalambula firebreak, kanjira kotchinga moto kuti usawoloke, ndi khasu, ndipo nthawi ya moto utsi ukaoneka si nkhani ya m'buku ayi. Munthu wochokera kumeneko ukamupatsa gulu la anthu 20 ndi zikwanje amadziwa kuti ayambire pati, samayamba wafunsa kuti laputopu ili kuti. Zaka zake ndi zochepa kuyerekeza ndi digiri ndiye kwa banja loti ndalama ndi zovuta zimapepukirako. Kuipa kwake nkoti dipuloma ili ndi denga, ukalowa ntchito umakwera pang'ono kenako umaima, mipando yapamwamba ndi ma project akuluakulu amafuna digiri, ndiye ambiri amagwira kaye zaka zingapo kenako nkubwerera ku yunivesite kukawonjezera. Ine sindiona ngati kumeneko nkutaya nthawi, munthu wolowa digiri atagwirapo kale ku fildi amamva zinthu msanga kuposa anzake, akamanena za kuuma kwa udzu ndi mphepo iye akuona phiri lenileni m'mutu mwake.

Tsopano digiri. Pali Mzuzu University (Mzuni) ndi LUANAR ku Bunda, konse kuli dipatimenti ya forestry, zaka zinayi, polowa pamafunika ma credit 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi ndi masayansi ndipo masankho amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, komanso ungathe kupempha loni ku bungwe la ngongole za ophunzira lija. Anthu amandifunsa kuti yabwino ndi iti, ine ndimati zimatengera nkhalango imene ukuilota. Mzuni ili pafupi ndi Chikangawa, ndipo pa nkhani ya moto Chikangawa ndi kalasi yoti sungaipeze kwina kulikonse m'dziko muno. Nkhalango ya Chikangawayi, imene imatchedwanso Viphya, inali mahekitala pafupifupi 53,000 a paini, inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 ndi maloto oti kudzakhala fakitale ya zopangira mapepala, fakitaleyo sinabwere, ndipo amene mwadutsa msewu wa M1 zaka zapitazi mwaona nokha mapiri ambiri ali mbee, mbali ina macheka mbali ina moto. Kampani ya matabwa ya Raiply ili ndi gawo la mahekitala 20,000 mmenemo. Wophunzira wa ku Mzuni akafuna kuona nsanja yoonera moto, misewu ya m'nkhalango, paini wopsa ndi paini wotetezedwa, ndi ulendo waufupi basi. Ku Bunda nako mphamvu yake ndi kulumikiza mitengo ndi ulimi, za mitengo ya m'munda ngati nsangu ndi gliricidia, za nthaka, za anthu akumudzi, ndipo Dzalanyama ili chapafupi ndi mavuto ake onse a makala. Ngati mtima wako uli pa nkhalango zachilengedwe ndi midzi yozungulira, Bunda ikukwanira bwino.

Chimene digiri imakupatsa chimene ku fildi sungachitole ndi kumvetsa chifukwa chake. Mwachitsanzo ku Ndola ku Zambia anayamba kafukufuku m'zaka za m'ma 1930, anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo, china kumachitentha kumayambiriro kwa chilimwe, china kumapeto, china osachitentha konse, kwa zaka zambirimbiri. Chigawo chotenthedwa mochedwa chija mitengo ya miombo inatha nkusanduka tchire la udzu ndi mitengo yopirira moto, pomwe chotenthedwa msanga mitengo inakhalabe. Ndiye ukamamva a forestry kapena a ku Nyika ndi Majete akutentha dala mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena chakumadzulo kukuzizira, si misala ayi, akuchotsa chakudya cha moto wa Okutobala uja umene umapha ndi mphukira zomwe. Komanso ukadziwa izi umasiya kulalikira m'midzi kuti moto uliwonse ndi woipa, chifukwa miombo yakhala ndi moto kuyambira kalekale, funso ndi loti moto wa mwezi uti, wotentha bwanji, kangati. Koma paini wamng'ono ndi mkungudza wa pa Mulanje ndi nkhani ina, mbande zake moto ukadutsa kamodzi basi zapita, nchifukwa chake a Mulanje Mountain Conservation Trust amalimbana ndi kulambula ma firebreak paphiri paja chaka chilichonse. Kusiyanitsa zinthu ngati izi, kuwerenga mapu, GIS (kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta), kulemba pulani yoti a boma kapena a donor aimve, ndi zimene umagula ndi zaka zinayi zija. Ndipo ngati ukulota kafukufuku ku FRIM, nthambi ya boma yofufuza zankhalango ku Zomba, kapena masters kunja, palibe njira yachidule, digiri ndiye khomo.

Vuto la digiri ndi loti pulakitiko imachepa, kalasi ikakhala yayikulu ndipo ndalama ya thiransipoti palibe ulendo wa ku fildi umasanduka tsiku limodzi lojambulitsa zithunzi. Ndaonapo achinyamata anzeru kwambiri atabwera ndi digiri koma tsiku loyamba la moto abwera atavala jezi ya mpira ya nayiloni ndi masilipasi, osadziwa kuti nayiloni imasungunukira pakhungu. Si vuto lawo, palibe anawauza. Ndiye ngati wasankhidwa ku Mzuni kapena ku Bunda, holide ya chilimwe usakakhale ku tauni, kapemphe attachment kumene kuli moto olo asakulipire zambiri.

Za kunja. Ku Zambia kuli Zambia Forestry College ku Mwekera pafupi ndi Kitwe ndi Copperbelt University, amene muli ku Chipata, Katete kapena Lusaka njira yanu ndi imeneyo ndipo ikufanana ndi ya Chongoni ndi Mzuni yomwe ndafotokozayi. Ku Tanzania kuli Sokoine ku Morogoro ndi Olmotonyi ku Arusha, nkhalango zake ndi miombo yomweyi ndi paini yemweyu. Kwa Mmalawi wongomaliza MSCE sindiona chifukwa chowolokera malire kukafuna zomwe zili pakhomo.

Koma ku Joni ndiye nkosiyana, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ngati nkhani ndi moto weniweniwo, South Africa ili patsogolo kuposa tonse m'chigawo chino. Ali ndi lamulo lakelake la moto wa m'tchire la 1998 limene limakakamiza eni malo kulambula ma firebreak ndipo eni mafamu amapanga mabungwe oteteza moto m'madera mwawo. Ku George, kampasi ya Nelson Mandela University imene akale amaitcha Saasveld, kuli dipuloma ya forestry komanso satifiketi ya chaka chimodzi ya Veldfire Management, yamoto yokhayokha, kuyambira kayendedwe ka moto, kutentha mwadala, mpaka kayendetsedwe ka gulu pa tsiku la ngozi. Ndi dera lomwe lija kunachitika moto wa ku Knysna mu Juni 2017 umene unapha anthu ndi kutentha nyumba mazanamazana, ndiye akamaphunzitsa sakukamba nthano. Stellenbosch nayo ili ndi digiri ya forestry ndi zamatabwa, yamphamvu pa kafukufuku. Chovuta ndi thumba, olo kawirikawiri ophunzira a m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, pali study visa, medical aid, lendi, chakudya, zonse mu ma rand, ndipo ndi mmene kwacha ililimu banja wamba silingakwanitse popanda sikolashipu kapena kampani yokutumiza. Ine ndimaiona ngati njira ya munthu amene ali kale pa ntchito, mwina ku kampani ya matabwa kapena ku esiteti, bwana nkumutumiza kuti akabwerako adzaphunzitse anzake. China choti mudziwe, zomera za ku Cape zija amati fynbos zimapsa mosiyana ndi miombo yathu, ndipo kumeneko akamakamba za helikopita ndi mathanki a madzi iwe uzikumbukira kuti kwanu ukapeza nthambi zaziwisi ndi makasu, ndiye utengeko mfundo osati kukopera zonse.

Abale amene muli ku Joni mumafunsa za Working on Fire, anyamata ndi atsikana ozimitsa moto ovala zachikasu aja amene anapita kukathandiza ku Canada mu 2016 ndi 2023. Pulogalamuyo inayamba mu 2003 ndipo maphunziro ake ndi abwino zedi, koma ndi ya boma yolembera nzika zawo zosowa ntchito, ndiye musamangire chiyembekezo pamenepo, ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akulowetseni thawani.

Ndiye pali foni. Iyi ndi njira imene anthu amaipeputsa koma ine yandithandiza kwambiri. FAO, bungwe la UN la zaulimi ndi chakudya, ili ndi elearning Academy yaulere, muli makozi a zankhalango ndi kubwezeretsa malo owonongeka. NASA ili ndi ARSET, maphunziro aulere a kagwiritsidwe ntchito ka zithunzi za setilaiti, zamoto zilimo. Ndipo pali FIRMS, mapu a NASA oonetsa pamene pakuyaka moto pafupifupi tsiku lomwelo, tsegulani mu Seputembala muone Malawi, Zambia ndi Mozambique mmene zimafiirira, mudzakhala chete kaye. Timadontho ta pa mapuwo timachokera ku zida ziwiri za pa setilaiti, ta VIIRS timaimira malo a mamita 375, ta MODIS kilomita imodzi, ndiye kamoto kakang'ono kapena koyaka kunsi kwa mitambo kamatha kuphonyeka, komabe kwa munthu woyang'anira nkhalango yayikulu ndi njinga imodzi ndi thandizo lalikulu. Onjezani Global Forest Watch, webusaiti yoonetsa kumene nkhalango zikutha, ndi QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu imene ndi yaulere, mwana wa dipuloma wodziwa kupanga mapu a malo opsa pa QGIS amaoneka mosiyana pa intavyu, ndikunena zoona. Aku America nawo makozi awo oyambira ozimitsa moto, S-190 ya kayendedwe ka moto ndi S-130 ya kazimitsidwe kake, mbali yowerenga imapezeka pa intaneti, ndipo mfundo zake zinayi zija, woyang'ana moto ali pamalo okwera, kulumikizana, njira yothawira, malo othawirako, zimagwira ntchito ngakhale ku Dedza. Kwa amene muli ndi digiri kale, Bangor University ya ku Wales ili ndi masters ya Tropical Forestry yophunzira uli kwanu ndipo yakhala ikulandira ophunzira pa sikolashipu ya Commonwealth, University of Idaho nayo ili ndi masters ya pa intaneti ya zamoto koma imeneyo ndi madola.

Malire a foni ndi oonekeratu, bandulo, netiweki ya kumudzi, Chingerezi chokhachokha, ndipo tisatifiketi take patokha sitingakulembetse ntchito m'boma, ndi ndiwo zowonjezera osati nsima. Komanso foni singakuuze mmene kutentha kumamvekera pankhope moto ukadali mamita 30 uko.

Apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse. Nyengo imodzi ya moto uli m'gulu lozimitsa imakuphunzitsa zimene palibe kalasi ingakupatse, ndipo khomo lake ndi lotsegula kwa aliyense ngakhale amene MSCE sinayende. Makampani a matabwa, ma esiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje amene ali ndi bulugamu wawo wa nkhuni za fakitale, mabungwe osamala mapiri, onsewa chilimwe chikayandikira amafuna anthu olambula ndi olondera moto. Kumudzi nako kuli makomiti a zachilengedwe aja a VNRMC amene lamulo la zankhalango la 1997 linawapatsa malo, oyang'anira nkhalango za m'midzi. Ine tsiku limene ndinadziwa kuti moto ndi chiyani tinali pa phiri lina la paini masana dzuwa lili pamutu, tikumenya moto m'mbali ndi nthambi, zikuoneka ngati tikupambana. Kapitawo wathu, bambo wachikulire woti sukulu analekera pulayimale, anangoima nkuyang'ana utsi, kenako anakuwa kuti aliyense alowe mu lupsa, msanga! Ena tinkafuna titsirize kaye kachigawo katsala, iwo anatikoka malaya. Sipanathe mphindi zisanu mphepo inatembenuka, moto unalumpha kakhwawa nkukwera phiri pamene tinaima paja mothamanga kuposa munthu. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti moto ukamakwera mtunda liwiro lake limawirikiza kawiri pa madigiri 10 aliwonse a kutsetsereka, chifukwa malawi amaweramira udzu wa kutsogolo nkuuumitsiratu, bambo aja nambala imeneyo sankaidziwa koma ankadziwa kuti sumaima kumtunda kwa moto ndipo malo opsa kale ndiwo pothawira. Mpaka lero ndikawakumbukira ndimathokoza.

Ndipo ndi ku fildi komweko kumene umaphunzira kuti moto wambiri kwathu kuno uli ndi mwini wake. Ana osaka mbewa, alenje, wofula njuchi ndi muuni, wosoza munda nkutentha mapesi mphepo ikuwomba, woweta ng'ombe wofuna msipu watsopano, wootcha makala amene wasiya uvuni, ndipo nthawi zina munthu wokwiya chifukwa sanalipidwe ganyu yake kapena analandidwa malo. Wa mbewa ndi wa njuchi mutha kukhala pansi ndi amfumu nkugwirizana nthawi ndi malo, wa mkwiyo uja olo mulambule firebreak yotakata bwanji adzayatsira mkati. Ndiye theka la ntchito ya moto ndi kuyankhula ndi anthu, kudziwa kulowa pabwalo la amfumu, kulipira anthu pa nthawi yake, kulola amayi azitola nkhuni zouma ndi bowa ndi masuku kuti nkhalangoyo aziiona ngati yawo. Zimenezi ku yunivesite amazitchula dzina lalitali koma kuzichita umaphunzira poona wina akuchita.

Kuipa kwa njira imeneyi ndi koti ndi ganyu, mvula ikagwa ntchito yatha, malipiro ndi ochepa, zovala zodzitetezera nthawi zambiri palibe, ndipo ukhoza kukhala katswiri zaka 15 koma wobwera ndi pepala dzulo nkukhala bwana wako. Nchifukwa chake kwa wachinyamata ndimati lowamo koma usakhazikikemo, tenga lusolo kenako kasake pepala.

Mawekishopu a masiku atatu aja a mabungwe, ena ndi abwino makamaka akamachitikira kunkhalango komweko anthu nkuyatsa moto woyeserera. Koma ndinakhalapo pa ina ku hotela kunyanja, masiku atatu tikuonera ma slide, palibe anagwira ngakhale chikwanje, amene amazimitsa moto enieniwo sanaitanidwe, kunabwera a m'maofesi odzatenga alawansi. Zinandipweteka chifukwa ndalama imeneyo ikanagula nsapato za gulu lonse. Ndipo chenjerani ndi timakoleji tongotulukira tolonjeza dipuloma ya environment miyezi 6, funsani kaye ngati NCHE kapena TEVETA ikuwadziwa musanagulitse mbuzi.

Za ntchito ndisakunamizeni, boma silikulemba anthu chaka chilichonse ndipo alipo a digiri ya forestry amene akugulitsa ma bale a kaunjika. Mipata ina ili ku makampani a matabwa, ma esiteti, African Parks imene ikuyendetsa Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, ma project obwezeretsa nkhalango ndi a carbon, komanso kudzilemba wekha ntchito ndi nazale kapena munda wa mitengo. Ndipo mwayi wa wodziwa moto uli apa, dziko lonse timadzala mitengo mamiliyoni kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, atolankhani ali pomwepo, koma yofika chaka chachitatu ndi ingati? Yambiri imathera mu Okutobala woyamba. Amene angaime pamaso pa mwini project nkunena kuti ine mbande zanuzi ndizidutsitsa chilimwe, nayi pulani, nawa mapu, nali gulu langa, ameneyo ali ndi chogulitsa.

Mwana wa achemwali uja mapointi ake ali pakatikati, ndiye tagwirizana kuti alembe fomu ya NCHE aike forestry ya ku Mzuni poyamba ya ku Bunda pachiwiri, chilengezo cha ku Chongoni chikatuluka alembenso, ndipo akamutenga ku Chongoni kokha asadandaule ngati wagwa, apite ndi mtima wonse. Podikira zonsezi ndamuuza kuti Lolemba apite ku ofesi ya zankhalango ya pa boma lawo akafunse gulu limene likulondera phiri lija chaka chino, akadzipereke, akamvere kapitawo ndipo asadzayerekeze kukwera kumtunda kwa moto. Madzulo aziyeserera QGIS pa laputopu yakale ya asisi ake. Ovolosi ya thonje ndagula kale, nsapato zachikopa ndikudikira anditumizire saizi.